Agalu a Mastiff: Ntchito Yakale Ikadali M'magazi

M'zaka za m'ma 1800, alonda a nkhalango za anthu olemera ku England anali pa vuto losowetsa tulo. Usiku uliwonse ankayenda mumdima kusaka anthu opha nyama mozemba, ndipo anthuwo sankabwera chimanjamanja. Lamulo linali lowawa: wogwidwa ankakaseweza kundende, ndipo kwa zaka zambiri ena ankakwezedwa chombo kupita ku Australia, osadzaonanso kwawo. Munthu wodziwa kuti akagwidwa zake zada amalimba nazo mpaka mapeto, choncho alonda ambiri ankavulazidwa, ena kuphedwa kumene. Pankafunika galu. Koma galu wake wotani?

Mastiff wa ku England anali ndi thupi komanso mphamvu, koma anali wolemera miyendo ndiponso wofatsa mopitirira. Bulldog wa nthawi imeneyo, yemwe sanali kagalu kafupi kopuma movutikira kamene tikukaona lero, anali waliwiro ndi wolusa, ndipo akagwira munthu ankang'amba. Mlonda ankafuna munthu wamoyo woti akamuimike pamaso pa woweruza. Anayamba kukweretsa mitundu iwiriyi, ndipo patapita mibadwo ingapo ya agalu panatuluka Bullmastiff, amene oweta amati magawo 60 pa 100 a magazi ake ndi a Mastiff, 40 otsalawo a Bulldog. Galuyu ankalondola fungo osauwa, kuthamanga kamtunda kochepa, kugwetsa munthu ndi chifuwa, n'kumupanikiza pansi mpaka mbuye wake afike. Alonda ankakonda kwambiri a ubweya wakuda wamizeremizere chifukwa mumdima saoneka.

Cha m'ma 1900, woweta wina wa ku Nottingham, W. Burton, ankayendayenda m'zionetsero ndi galu wake wotchedwa Thorneywood Terror. Ankamumanga kukamwa kuti asalume, n'kulonjeza ndalama kwa mwamuna aliyense wodzidalira amene angamuthawe. Munthu ankapatsidwa mpata woyamba kuthamanga, kenako galu n'kumasulidwa. Ankamupeza, kumugwetsa, ndipo akati adzuke ankamugwetsanso. Bungwe la The Kennel Club linavomereza Bullmastiff ngati mtundu woima pawokha mu 1924, ndipo mpaka lero galuyu sauwauwa. Akakayika munthu amangoimirira kutsogolo kwake, maso ali pa iye, osasuntha.

Nkhani ya Bullmastiff ndi khomo labwino lolowera m'banja lonse la agalu otchedwa mastiff. Onse ndi a mitu ikuluikulu, zifuwa zotambasuka ndi milomo yolendewera, moti wowaonera patali amangoti ndi amodzi. Koma mitima yawo ndi yosiyana zedi, ndipo kusiyanako kunachokera ku ntchito imene anthu anapatsa mtundu uliwonse. Wina anaumbidwa kuti azigwira osaluma, wina kuti aziganiza yekha usiku m'phiri, wina kuti azidana ndi mlendo aliyense. Zambiri mwa ntchitozi zinatha kalekale, koma zizolowezi zake zikadali m'magazi. Amene akugula galu wotere lero akugulanso ntchito yakaleyo, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Mizu yake

Ku British Museum ku London kuli miyala yogoba yochokera kunyumba ya mfumu Ashurbanipal ku Nineveh, ya cha m'ma 645 Yesu asanabadwe. Pamiyalapo pali amuna ogwira zingwe za agalu amisinkhu, a makosi onenepa, akupita kosaka. Ku Greece nakonso, anthu a fuko la Molossi a m'dera la Epirus ankatchuka ndi agalu akuluakulu olondera nkhosa, ndipo Aristotle anawatchula m'zolemba zake. Oweta ambiri amakonda kunena kuti galu wawo ndi mdzukulu weniweni wa agalu amenewa, ndipo Aroma ndiwo anawafalitsa ku Ulaya konse. Nkhaniyi ndi yokoma m'khutu, koma umboni wake ndi wochepa.

Mu 2017, akatswiri a ku National Institutes of Health ku America anafalitsa kafukufuku wa DNA ya mitundu 161 ya agalu. Anapeza kuti Mastiff, Bullmastiff, Bulldog, Boxer ndi Dogue de Bordeaux ndi pachibale ndithu, koma Tibetan Mastiff ali kwina, pamodzi ndi agalu akale a ku Asia monga Akita ndi Shar-Pei. Zikuoneka kuti kulikonse kumene anthu anali ndi ziweto ndi katundu wofunika kulondera, anadzipezera okha galu wamkulu. Ndipo mitundu imene tikuidziwa lero, ndi maonekedwe ake olembedwa m'mabuku, inakhazikika posachedwapa, zionetsero za agalu zitayamba m'zaka za m'ma 1800.

Mastiff wa ku England ali ndi mbiri yamagazi. Kalelo malamulo a nkhalango za mfumu ankati galu wotere wokhala pafupi ndi nkhalango adulidwe zikhadabo zitatu za phazi lakutsogolo kuti asathamangitse agwape a mfumu. Ku London ankamumenyanitsa ndi zimbalangondo ndi ng'ombe zamphongo, anthu akulipira pakhomo kudzaonera, mpaka lamulo la mu 1835 linaletsa masewera ankhanzawa. Banja la a Legh ku Lyme Hall, m'chigawo cha Cheshire, linaweta agaluwa kwa zaka mazanamazana, ndipo limasimba kuti kholo la agalu awo linali galu wamkazi amene anaimirira pa mbuye wake, Sir Piers Legh, atavulala pa nkhondo ya Agincourt mu 1415. Kaya zinachitikadi choncho kaya anakometsera, nthanoyi ikusonyeza chimene anthu a kumeneko ankafuna mwa galuyu: kukhala pambali pa mwini wake zivute zitani.

Masewera omenyanitsa atatha, oweta anasankha agalu ofatsa, ndipo kufatsako kunakhazikika. Mastiff wa lero amagona nthawi yambiri ya tsiku, amakonda kutsamira miyendo ya mwini wake, ndipo ukamukalipira amanyala n'kukabisala. Dovu lake silitha. Choopsa chake chachikulu ndi kulemera, chifukwa akhoza kugwetsa mwana kapena gogo pongotembenuka. Mu 1989 buku la Guinness linalemba za Mastiff wa ku London dzina lake Zorba, wolemera makilogalamu oposa 155, kuposa matumba atatu a chimanga. Komabe ku England mtunduwu unatsala pang'ono kutha pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, pamene nyama inkagawidwa mopimira ndipo palibe akanatha kudyetsa chimphona chotere. Nkhondo itatha, anachita kuitanitsa agalu ku America ndi ku Canada kuti ayambirenso.

Galu wa m'mapiri ndi msika umene unamutaya

Ku mapiri a Tibet, m'malo otalika mamita oposa 4,000, abusa oyendayenda ndi nkhosa zawo ndi ng'ombe zaubweya zotchedwa yak akhala ndi galu wawo kuyambira kale. Masana amamumangirira pakhomo pa tenti, nthawi zina atamuveka mkombero wofiira wa ubweya wa yak m'khosi. Dzuwa likalowa amamumasula. Usiku wonse amazungulira msasa, akuuwa ndi liwu lakuya lomveka kutsidya kwa chigwa, kuchenjeza mimbulu, akambuku a m'chisanu ndi akuba. Pa nthawi imeneyo mbuye wake ali mtulo, ndiye galu ayenera kuweruza yekha kuti uyu ndi mdani, uyu ayi.

Pamenepa ndi pamene pagona khalidwe lake. Tibetan Mastiff ndi wanzeru, koma samvera mwachangu. Ukamuitana amayamba wayang'ana ngati pali chifukwa chobwerera. Usiku sagona, amauwa, ndipo malire a bwalo amawadziwa kuposa mwini nyumba. Thupi lakenso ndi la kumapiri: ali ndi chibadwa chomuthandiza kupuma bwino kumene mpweya ndi wochepa, chimene akatswiri apeza kuti anachitenga kwa mimbulu ya kumeneko, ndipo wamkazi amafuna mwamuna kamodzi kokha pachaka, pamene agalu ambiri ndi kawiri. Mmodzi mwa oyamba kufika ku England anali mphatso imene Lord Hardinge anatumiza kwa Mfumukazi Victoria mu 1847.

Zimene zinachitikira galuyu m'zaka zaposachedwa zimandiwawa. Chuma cha China chitakwera, anthu olemera kumene anamusandutsa chizindikiro cha ndalama. Oweta anayamba kupanga agalu a ubweya wochuluka m'khosi kuti azioneka ngati mikango, olemera moti ena sankatha kuthamanga. Mu 2011 galu wofiira wotchedwa Hong Dong anamveka kuti wagulidwa pa mayuan 10 miliyoni, pafupifupi madola 1.5 miliyoni a ku America, ndipo mu 2014 kunamveka za wina m'chigawo cha Zhejiang wa mayuan 12 miliyoni. Ena amati oweta ankakweza dala mitengoyi kuti akope ogula. Mulimonsemo, msika unagwa mwadzidzidzi. Pofika 2015, omenyera ufulu wa zinyama anaimitsa lole yopita kophera nyama n'kupezamo agalu a mtunduwu pafupifupi 20 atathithikana m'zitsulo pamodzi ndi agalu ena. Ambiri anangotayidwa. M'chigawo cha Qinghai amayenda m'magulu pafupi ndi nyumba za amonke, amaluma anthu, amagwira ziweto zomwe makolo awo ankalondera, ndipo amalanda nyama m'kamwa mwa akambuku a m'chisanu, amene ndi ochepa kale.

Ku Spain kuli galu wa ntchito yofanana, koma iye anakhalabe pantchito. Kuyambira 1273, pamene mfumu Alfonso X inakhazikitsa bungwe la eni nkhosa lotchedwa Mesta, magulu a nkhosa za merino ankayenda chaka ndi chaka pakati pa madambo a Extremadura ndi mapiri a León, akuperekezedwa ndi Spanish Mastiff wovala kolala yamisomali yoteteza khosi ku mano a mmbulu. Kwa anthu ndi galu wodekha kwambiri. Pa chithunzi chotchuka cha Velázquez cha mu 1656, Las Meninas, chimene chili ku Prado ku Madrid, pali galu wotere atagona pansi maso ali tsinzi, phazi la munthu lili pamsana pake, iye osatekeseka.

Awiri a ku Italy ndi wa ku France

Mu 1946, wolemba nkhani Piero Scanziani anaona agalu ena pa chionetsero ku Naples, agalu a m'midzi yozungulira amene ankalondera mabwalo a nyumba. Anawasonkhanitsa, nalemba mmene mtunduwo uyenera kuonekera, ndipo Neapolitan Mastiff anavomerezedwa mu 1949. Ndi galu wosayendayenda, wokayikira alendo, amene nkhope yake yokha imabweza munthu pachipata. Amene anaonera mafilimu a Harry Potter anamuona ngati Fang, galu wa Hagrid. Chomvetsa chisoni n'chakuti oweta anakondetsa makwinya, moti agalu ena khungu limawaphimba maso, zikope n'kupindika, mpaka kufunika opaleshoni. Zithunzi za agalu a Scanziani zimasonyeza nyama yolimba, ya khungu lokwana thupi.

Mbale wake Cane Corso, wa m'mapulazi a kum'mwera kwa Italy makamaka ku Puglia, ndi wina ndithu. Ankakusa nkhumba ndi ng'ombe, kusaka nguluwe, kuperekeza ngolo. Ulimi utasintha anatsala pang'ono kuzimiririka, kufikira anthu ochepa anayamba kumusakasaka m'midzi m'zaka za m'ma 1970. Bungwe la agalu la dzikolo linamuvomereza mu 1994. Mwa ma mastiff onse, uyu ndi mmodzi mwa ophunzitsika msanga komanso osatopa. Akasowa chochita amadzipezera yekha, ndipo chimene amapezacho kawirikawiri sichikomera mwini nyumba kapena aneba.

Dogue de Bordeaux wa ku France, wofiirira, wa mutu waukulu kuposa msinkhu wake, ankalondera mabutchala ndi minda ya mpesa, ndipo anaonetsedwa pa chionetsero cha ku Paris mu 1863. Dziko linamudziwa kudzera mufilimu ya Tom Hanks ya mu 1989, Turner & Hooch. Ndi wachikondi kwa apabanja koma wouma mutu. Amafa msanga, ambiri ndi matenda a mtima ndi khansa asanafike zaka 8.

Kunja kwa Ulaya kuli mitundu iwiri imene mbiri yake ndi yolemera kuinyamula. Fila Brasileiro ankakusa ng'ombe ndi kusaka nyalugwe wa ku Brazil, komanso ankatumidwa kulondola akapolo othawa m'minda, ndipo ukapolo m'dzikolo unatha mu 1888. Oweta ena mpaka lero amanyadira kuti galuyu amanyansidwa ndi mlendo, moti m'zionetsero zina woweruza samukhudza n'komwe. Kwa mwini wake amakhala ngati mthunzi. Tosa wa ku Kochi, pachilumba cha Shikoku ku Japan, anapangidwa m'zaka za m'ma 1800 posakaniza agalu a kumeneko ndi agalu a ku Ulaya monga Mastiff ndi Bulldog, kuti azimenyana ndi agalu anzake mwakachetechete, chifukwa pa malamulo a ndewuzo wolira ndiye wagonja. Galu woluma osachenjeza ndi woopsa kuposa wouwa. Britain inaika mitundu yonse iwiriyi pa mndandanda woletsedwa m'lamulo la Dangerous Dogs Act la mu 1991.

Boerboel, amene wafika pakhomo pathu

Mastiff amene ambiri kuno timamudziwa ndi Boerboel wa ku South Africa. Zimanenedwa kuti Jan van Riebeeck pofika ku Cape mu 1652 anabwera ndi galu wamkulu wa mtundu wogwira ng'ombe zamphongo. Atsamunda ena anabweretsa awo, agaluwo n'kusakanikirana ndi agalu a eni dziko, ndipo Maburu atayamba ulendo wawo wa ngolo kulowera kumtunda m'zaka za m'ma 1830, agaluwa anapita nawo. Mu 1928 kampani ya De Beers inaitanitsa ma Bullmastiff kudzalondera migodi ya dayamondi, ndipo magazi awo analowanso mumtunduwu. Papulazi yakutali panalibe malo a galu wofooka kapena wamantha. Ankayenera kuthamangitsa anyani m'munda, kuimitsa fisi ndi kambuku, madzulo n'kugona pakati pa ana a panyumba. Tisabise kuti mapulazi ambiriwo anali pa nthaka yolandidwa, ndipo anthu amene galuyu ankawaona ngati alendo kawirikawiri anali eni nthakayo.

Pofika m'ma 1980 Boerboel weniweni anali atasowa. Bungwe la oweta linakhazikitsidwa mu 1983, ndipo amuna awiri, Lucas van der Merwe ndi Jannie Bouwer, anayenda makilomita zikwizikwi m'mapulazi kusankha agalu oyambira nawo kaundula. Lero dziko la South Africa limamuzindikira mwalamulo ngati mtundu wake, pamene Denmark inamuletsa mu 2010.

Boerboel ali ndi mphamvu za Mastiff, koma ndi wopepuka miyendo ndiponso wodzidalira kwambiri. Amamatirira banja lake, amafuna kuona aliyense ali pati, ndipo mlendo amamulandira pokhapokha mwini nyumba atamulandira. Wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 70 ndipo sakonda amphongo anzake. M'manja mwa munthu wodekha ndi wosasinthasintha malamulo, ndi galu wabwino kwabasi. M'manja mwa munthu amene anamugula kuti aneba aziopa, ndi ngozi.

Ku Lilongwe ndi ku Blantyre ana a Boerboel amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ena ndi mapepala, ambiri opanda. Ogula ambiri ali ndi chifukwa chomveka, pakuti akuba alipo ndipo munthu amafuna kugona tulo. Koma kaleredwe kamene kafala ndi kolakwika. Kagalu kamatsekeredwa m'kakhola ka njerwa kuseri kwa nyumba, kosaona munthu tsiku lonse, poganiza kuti kakazolowera anthu sikadzalusa. Ena amafika pokamenya kapena kukadyetsa tsabola. Galu wotere akakula amalusadi, koma sasiyanitsa wakuba ndi wantchito wa m'nyumba, mwana wa aneba wotola mpira, kapena mlamu wofika usiku kuchokera kumudzi. Makolo ake ankakhala pakati pa banja ndipo ndi mmene ankadziwira woyenera kumuteteza. Galu amaphunzira za anthu, phokoso ndi zinyama zina makamaka pakati pa masabata 3 ndi 14 a moyo wake, ndipo nthawi imeneyi ikadutsa ali m'khola, kukonza kwake n'kovuta.

Apa m'pofunika kusamala, tisaike mlandu wonse pa mtundu. Mu 2022 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Elinor Karlsson, wokhudza agalu oposa 18,000, amene anapeza kuti mtundu wa galu umafotokoza pafupifupi magawo 9 okha pa 100 a kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi mnzake. Alipo ma Boerboel amantha, alipo ma Mastiff olusa. Mtundu umangokuuza kumene galu angapendekere, zotsalazo zimachokera kwa makolo ake enieni ndi m'manja mwa womulera. Kungoti kagalu ka makilogalamu 6 kakaleredwa moipa kamang'amba buluku, pamene wa makilogalamu 70 akhoza kupha munthu, ndipo n'chifukwa chake ndikuona kuti magawo 9 amenewo sayenera kupeputsidwa pa agalu amisinkhu iyi.

Thupi lalikululi lili ndi mtengo wake. Ambiri mwa agaluwa amakhala zaka 7 mpaka 10 basi. Amakula mpaka kufika zaka ziwiri, ndipo akamakula mofulumira kapena akanenepa ali ana, mfundo za m'chiuno ndi m'zigongono zimawonongeka. Nsima ndi madeya zokha sizimanga mafupa otere, ndipo wamkulu amatha kudya chakudya chouma chofika kilogalamu imodzi patsiku. Chifuwa chakuya chimabweretsa matenda ena oopsa: chifu chimadzaza mpweya n'kupotokola, mimba imatupa, galu amayesa kusanza osatulutsa kanthu, ndipo akachedwa kufika kwa dotolo wa ziweto amafa tsiku lomwelo. Pofuna kupewa, amadyetsedwa kawiri patsiku m'malo mwa kamodzi, ndipo sathamangitsidwa akangodya kumene. A mphuno zazifupi monga Bullmastiff ndi Dogue de Bordeaux amavutika kupuma kukatentha, moti kuwasiya pa unyolo padzuwa la mu Okutobala, ku Chikwawa kapena ku Salima, ndi kuwapha. Nkhupakupa nazo zimawadwalitsa monga galu wina aliyense, ndipo katemera wa chiwewe sasiyidwa chifukwa choti galu sakutuluka mumpanda.

Wofuna kugula asakhutire ndi chithunzi cha pafoni kapena kukula kwa mutu wa bambo wa tiagaluto. Apite kumene tinabadwira akaone mayi wake. Aone ngati amafika kwa mlendo modekha mwini wake ali pomwepo, kapena amachita kumutsekera kaye. Aone mmene akuyendera, ngati miyendo yakumbuyo sikugwedezeka, ndiponso ngati tiagaluto tikusewera pabwalo pamene pakudutsa anthu. Kagalu sikayenera kuchoka kwa mayi wake kasanakwane masabata 8. Woweta wodziwa ntchito yake amakufunsanso iwe mafunso: mpanda wako ndi wotalika bwanji, pakhomo pali ana angati, ndani adzakhale ndi galuyo masana. Akaona kuti mayankho sakukwana, amakana kugulitsa ngakhale ndalama zili m'manja.